Lilongwe mpaka Joni pa ndege: mtunda wake ndi wotani, nanga maola a pa tikiti amachokera kuti?

Sabata yathayi pa gulu lathu la WhatsApp la kubanja panali kukangana kwa tsiku lonse chifukwa cha tikiti imodzi basi. Azakhali athu akupita ku Joni koyamba pa ndege kukaona mdzukulu wobadwa kumene, ndiye mwana wawo atatumiza tikiti pa gulupo aliyense anayamba kunena zake. Wina akuti ndi ulendo wa maola 2 okha, wina amene anapitako chaka chatha akuti ayi ine ndinatha pafupifupi maola 4, achimwene athu amene amayenda pa basi kukaoda katundu akuti iwo zoti malo amene amagonera panjira munthu nkufikako nsima isanazizire sakuzimvetsa, kenako mwana wa sekondale anawerengetsera pa foni nkunena kuti tikitiyo yalakwika chifukwa masamu ake akumupatsa ola limodzi ndi mphindi 46. Chimene chinandigwira mtima nchakuti onsewa palibe amene amanama, aliyense anagwira kachidutswa kake ka zoona. Azakhali ndi amene amavutika mumtima, poti iwo amangofuna kudziwa kuti adzafika nthawi yanji ndipo owachingamira adzanyamuke liti. Ndiye ndati ndiikhalire pansi nkhaniyi bwinobwino, chifukwa Amalawi amene tili ndi abale ku Joni, ku UK ndi kwina ndife ambiri ndipo funsoli limabwerabwera.

Mtunda amanenawo ndi uti kwenikweni

Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo pa tikiti limalembedwa kuti LLW. La ku Joni dzina lake ndi O.R. Tambo, lili ku Kempton Park, pa tikiti mumaona JNB. Kuchoka pa bwalo ili kukafika pa linalo, mutati mwakoka chingwe osakhota paliponse, ndi makilomita pafupifupi 1,490. Kuchokera ku Chileka ku Blantyre, kumene amalemba BLZ, ndi pafupiko, cha m'ma 1,350.

Apa pomwe pamayambira chisokonezo choyamba, chifukwa mukafufuza pa intaneti tsamba lina likupatsani 1,490, lina 926, lina 805, ndiye munthu umangoti kodi awa akunena malo amodzimodzi? Eya ndi amodzimodzi, miyezo ndi imene yasiyana, ngati mmene chimanga chomwecho wina angachiyezere pa ndowa wina pa sikelo. 1,490 ndi makilomita. 926 ndi mamailosi aja agogo athu amagwiritsa ntchito, mailo imodzi ndi kilomita 1.609. Pomwe 805 ndi muyezo wa apanyanja ndi oyendetsa ndege, amautcha nautical mile, imodzi ndi kilomita 1.852. Pailoti akamalankhula ndi anzake amagwiritsa ntchito umenewu, ndipo liwiro amaliyeza mu ma knot, kutanthauza ma nautical mile amene ndege yadutsa pa ola limodzi.

Tsono chingwe chathu chija chimadutsa kuti? Chikachoka ku Lumbadzi chimalowa mu Mozambique chigawo cha Tete, nkuwoloka Zambezi chakufupi ndi damu la Cahora Bassa, nkulowa mu Zimbabwe kusiya Harare kumadzulo, nkudutsa cha ku Masvingo, nkuwoloka Limpopo pafupi kwambiri ndi Beitbridge, kenako cha ku Polokwane mpaka Joni. Achimwene a pa basi mayina awa akuwadziwa onse. Basi yochokera ku Lilongwe imatulukira pa Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina mpaka Park Station, makilomita opitirira 1,800. Muone apa, msewu wangotalikirapo ndi makilomita mazana angapo chabe, sikuti ndi kawiri kapena katatu ayi. Chimene chimadya masiku pa basi si kutalika kwa njira kokha, ndi liwiro lochepa ndi maboda atatu aja, makamaka mizere ya pa Beitbridge. Ndege imadutsa pamwamba pa maboda omwewo popanda kutsitsa munthu kuti akadinditse pasipoti.

Lalanje ndi ulusi

Mtunda umene makampani a ndege amalemba amautcha great circle distance. Mawuwa asakuopseni, akungotanthauza njira yachidule kwambiri pakati pa malo awiri pa chinthu chozungulira ngati mpira. Tengani lalanje, mubaye timitengo tiwiri malo osiyana, mukoke ulusi kuchoka pa kamtengo aka kukafika pa kenako mpaka ulusi ukungike. Pamene ulusi wagonapo ndiye njira yachidule. Vuto ndi lakuti mapu amene tinakula nawo kusukulu ndi afulati, ali ngati khoko la lalanje lomwe alisenda nkulitambasula patebulo mokakamiza, ndiye malo a kufupi ndi nsonga za dziko, kumpoto kwenikweni ndi kummwera kwenikweni, amatanuka nkuoneka aakulu kuposa mmene alili. Ulusi wowongoka uja ukaujambula pa mapu afulati umaoneka wopindika ngati uta.

Pa ulendo wa Lilongwe ndi Joni izi sizioneka kwenikweni poti ndi waufupi komanso ukulowera kummwera. Koma amene anakwerapo ndege yochoka ku Joni kupita ku Sydney ku Australia, makilomita pafupifupi 11,000, amadabwa akaona pa kasikirini ka pampando kuti ndege yalowera kummwera kozizira cha ku Antarctica mmalo molunjika kum'mawa. Sikuti pailoti wasochera kapena akuzungulira dala, kumeneko ndiye kwachidule. Chimodzimodzi London kupita ku Los Angeles, ndege imadzera kumtunda cha ku Greenland.

Komabe ndege siitsata ulusi uja ndendende. Kumwamba kulinso misewu yake, yosaoneka ndi maso koma yolembedwa pa mapu a mapailoti, ndipo dziko lililonse lili ndi anthu oyang'anira mlengalenga mwake amene amauza ndege podutsa ndi kutalika koyenera kuulukira kuti zisayandikane. Ponyamuka ndege imatha kuyamba yaloza kwina nkudzakhota pambuyo pake, potera imatha kudutsa bwalo kaye nkubwerera kuti ilunjike bwino. Zonsezi zimaonjezera makilomita makumi angapo pa 1,490 paja.

Masamu a mwana wa sekondale uja

Mwanayu anachita zimene aphunzitsi anamuphunzitsa ndipo ine ndinakondwa naye. Ndege ya mtundu wa Boeing 737, ngati zimene Malawi Airlines imagwiritsa ntchito, ikakhazikika kumwamba imathamanga makilomita pafupifupi 840 pa ola. Mukagawa 1,490 ndi 840 mupezadi ola limodzi ndi mphindi 46. Koma tikiti imanena maola 2 ndi mphindi 20 kapena kufika maola 2 ndi theka, malinga ndi kampani ndi mtundu wa ndege. Nanga mphindi 40 zinazo zapita kuti?

Nthawi ya pa tikiti a ndege amaitcha block time. Dzinali linachokera ku timatabwa kapena timphira tija amatsekera mateyala ndege ikaima kuti isagubuduke, ngati mwala umene kondakitala amaika kuseri kwa teyala la lole pamtunda. Wotchi imayamba kuwerenga akachotsa totsekerato ndege nkuyamba kusuntha, ndipo imasiya akabwezera totsekerato ndege itaima ku bwalo linalo. Ndiye kuti mkati mwa nthawi imeneyi muli zambiri zimene si kuuluka pa liwiro lonse.

Choyamba ndege imayenda pansi pang'onopang'ono ngati galimoto ya mu tawuni kupita ku runway, msewu wautali uja imathamangapo isanadzuke. Ku Kamuzu izi sizitenga nthawi poti ndege ndi zochepa, koma ku O.R. Tambo, limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri mu Africa muno, mutha kuyenda pansi kapena kuima pa mzere mphindi 15 ngakhale 20. Kenako kudzuka, ndege imachoka pansi pa liwiro la makilomita cha m'ma 270 pa ola, osati 840, ndipo imatenga mphindi 20 kapena kuposerapo ikukwera kuti ikafike pamene imakhazikika, makilomita 10 mpaka 12 kuchoka pansi. Tangoganizani, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye ndegeyi ili pamwamba kuposa ma Sapitwa atatu osanjikizana. Imakwera kutali choncho chifukwa mpweya wakumeneko ndi wopepuka, suikaniza kwambiri, mafuta amapita ochepa. Komanso malo ambiri pali lamulo lakuti ndege ikakhala pansi pa mafiti 10,000 isapitirire ma knot 250, amene ndi makilomita pafupifupi 460 pa ola.

Kutsika nakonso sikuchitika mwadzidzidzi. Kukatsala makilomita 170 kapena 200 kuti mufike, pailoti amayamba kale kutsika ndi kuchepetsa liwiro, apa ndi pamene makutu amayamba kutseka ndipo ogwira ntchito mundege amatolera makapu. Imakagunda pansi ili pa makilomita pafupifupi 250 pa ola, nkuyendanso pansi kukafika poimikira. Ndiye pa ulendo wonsewu nthawi imene ndege ili pa 840 penipeni ndi ola limodzi ndi kanthu basi. Pamwamba pa izo makampani amaonjezerako timphindi pa ndandanda yawo kuti akachedwa pang'ono asaoneke ochedwa, nchifukwa chake nthawi zina mumanyamuka mochedwa ndi mphindi 10 koma nkufika pa nthawi yake.

Ine njira imene ndimagwiritsa ntchito ndikafuna kuyerekeza msangamsanga ndi iyi, gawani makilomita ndi 800 kenako muonjezere theka la ola. Si lamulo la boma kapena la kampani iliyonse, ndi kuyerekeza chabe koma kumayandikira. Lilongwe ndi Joni kukupatsani maola 2 ndi mphindi 22. Lilongwe ndi Addis Ababa, makilomita pafupifupi 2,600, kukupatsani maola 3 ndi mphindi 45, ndipo matikiti amanena pafupifupi maola 4. Lilongwe ndi Blantyre kumwamba ndi makilomita 250 okha, kugawako kukupatsani mphindi 19 koma ulendo wake umayandikira mphindi 50, mwaona kuti pa ulendo waufupi kukwera, kutsika ndi kuyenda pansi ndi kumene kumadya nthawi yambiri kuposa kuulukako.

Mtundu wa ndege nawo uli ndi mbali yake. Zija za mapulopela, ngati Dash 8 Q400, zimathamanga cha m'ma 650 pa ola ndipo sizikwera kupitirira makilomita 7 ndi theka. Pa ulendo wa Blantyre kusiyana kwake simungakuone nkomwe, koma mtunda ukamatalika mphindi zimayamba kuchuluka.

Anatha maola 4 uja sananame

Apa pali mawu awiri amene amasocheretsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Non-stop ndi ndege imene ikadzuka ku Lilongwe ikatera ku Joni basi. Direct ndi ndege imene nambala yake ndi imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndipo nthawi zambiri simusintha ndege, koma itha kuima panjira kutsitsa ndi kukweza anthu. Maulendo ena ochoka ku Kamuzu amayamba aima ku Chileka. Werengani nokha, mphindi 50 kukafika ku Blantyre, mphindi 45 kapena ola muli pansi anthu akukwera, kenako maola 2 ndi kanthu kukafika ku Joni, ndi amenewo maola 4 aja. Ili ngati basi yochoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre imene imalowa kaye mu depoti ya Lilongwe, simunatsike koma nthawi yapita. Ndiye pogula tikiti muzifunsa mwachindunji kuti kodi iima panjira, musangomva mawu oti direct nkukhazika mtima pansi.

Mphepo ya kumwamba

Funso lina limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti bwanji popita ndi pobwera nthawi imasiyana chonsecho mtunda ndi womwewo. Ena amati ndi chifukwa dziko limazungulira pansi pa ndege, ndiye ukamapita mbali ina malo ako amakuchingamira. Zimamveka zanzeru koma si choncho. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege ili mkati mwa mpweyawo. Muli mu basi yothamanga mukaponya mtedza m'mwamba umagwera m'manja mwanu momwemo, suthawira kumpando wakumbuyo.

Yankho lenileni ndi mphepo. Kumtunda kumene ndege zimauluka kuli mikwasa ya mphepo yamphamvu imene imayenda ngati mtsinje kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, amaitcha jet stream, ndipo nthawi zina imapitirira makilomita 300 pa ola. Aliyense amene anapalasapo bwato pa Shire akudziwa kuti kutsetsereka ndi madzi ndi kukwera molimbana nawo ndi ntchito ziwiri zosiyana ngakhale mkono ndi womwewo. Kapena wa kabaza pa tsiku la mwera, popita mphepo ikumukankha kumsana, pobwera ikumumenya pachifuwa. Ndege nayo ili ndi maliwiro awiri, limene ikuboola nalo mpweya ndi limene ikudutsa nalo pansi. Ikamaboola mpweya pa 840 uku mphepo ya 150 ikuikankha kumbuyo, pansi ikudutsa pa 990. Ikatembenuka nkuyang'anizana ndi mphepo yomweyo, pansi ikudutsa pa 690 basi.

Nchifukwa chake New York kupita ku London, makilomita pafupifupi 5,550, ndi maola 7 koma pobwerera ndi pafupifupi 8. Mu February 2020 kuli mkuntho wotchedwa Ciara, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inayenda kuchoka ku New York kukafika ku London maola 4 ndi mphindi 56 zokha chifukwa mphepo inaikankha koopsa. Joni kupita ku Sydney ndi pafupifupi maola 12 pomwe pobwera ndi pafupifupi 14, maola awiri athunthu kusiyana chifukwa cha mphepo. Pa ulendo wathu wa Lilongwe ndi Joni kusiyanaku ndi kwa timphindi chabe, poti tikuyenda chodula mphepoyo osati kuitsata kapena kulimbana nayo maso ndi maso, ngakhale m'miyezi yozizira ya June ndi July imakhala yamphamvuko cha kummwera kuno.

Joni ili pamtunda, ndipo mvula yake ndi yaukali

Anthu ambiri sadziwa kuti O.R. Tambo ili pamwamba mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa Kamuzu imene ili cha m'ma 1,230. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, kukatentha umapepukiratu, ndiye mapiko ndi mainjini sizigwira mwamphamvu ngati kunsi kunyanja. Ndege yolemera imafuna kuthamanga mtunda wautali isanadzuke, nchifukwa chake runway yaikulu ya kumeneko ndi yopitirira makilomita 4, imodzi mwa zazitali kwambiri mu Africa.

Koma chimene chimakhudza ife okwera kwambiri ndi mabingu a masana. Kuyambira cha mu October mpaka March dera la Joni limakhala ndi mvula ya mphenzi ndi matalala, kawirikawiri chakumadzulo dzuwa litapendeka. Pailoti salowa mu mtambo woterowo, amauzungulira, ndipo ukakhala pamwamba pa bwalo penipeni oyang'anira ndege a mu tawa ya pa bwalo amauza ndege kuti zizizungulira kaye mlengalenga kudikira kuti udutse. Apa mphindi 20 kapena 30 zitha kuonjezereka, ndipo zikavuta zedi ndege imakatera kaye pa bwalo lina. Azakhali atamva izi anachita mantha kuti nanga mafuta akatha. Ndinawauza zimene ndikuuzani inunso, malamulo a ndege salola kunyamuka ndi mafuta ongokwanira ulendo. Pamakhala a ulendo, ena apadera a zogwa mwadzidzidzi, ena okafikira bwalo lina ngati loyambalo latsekeka, ndi enanso a mphindi 30 pamwamba pake amene sayenera kukhudzidwa. Kuzungulira mlengalenga ndi chinthu chimene anachikonzekera kale asananyamuke.

Wotchi ya kuno ndi ya uko

Pa Joni tili ndi mwayi, nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi chaka chonse, chimodzimodzi Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Tikiti ikati kunyamuka 13:00 kufika 15:25, mungochotsera basi. Koma lamulo loti muligwire ndi ili, nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amene yalembedwapowo. Yonyamukira ndi ya kumene mukunyamukira, yofikira ndi ya kumene mukufikira.

Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Tiyerekeze tikiti yati kuchoka Lilongwe 14:00 kufika Addis 19:00, mukachotsera mupeza maola 5 koma mundege mukhalamo 4, ola linalo ndi la wotchi chabe. Pobwera yati kuchoka 10:00 kufika 13:00, ikuoneka ngati maola 3 koma ndi 4 omwe aja. Ku UK ndiye kumasokoneza kawiri chifukwa iwo amasuntha wotchi, kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October ali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola 2. Ndipo mukaona +1 pambali pa nthawi yofikira, akutanthauza kuti mufika tsiku lotsatira. Palinso msampha wa ndege zonyamuka pakati pa usiku, tikiti ikati Lachisanu 00:30 ndiye kuti ku bwalo mupite Lachinayi usiku, anthu ambiri ndithu ndege zinawasiyapo chifukwa cha kameneka ndipo zimawawa poganizira ndalama zimene munthu wavutikira.

Nanga a ku UK bwanji amatha tsiku lonse

Lilongwe kukafika ku London Heathrow pa ulusi wathu uja ndi makilomita pafupifupi 8,000, ndipo pakanakhala ndege yosaima panjira bwenzi ali maola 10 ndi theka. Koma masiku ano munthu umayenera kudzera kwina. Kudzera ku Addis ndi 2,600 kuphatikiza 5,900, onse pamodzi 8,500, sikupatuka kwambiri. Kudzera ku Joni ndiye mumayamba mwabwerera kummwera makilomita 1,490 kenako nkukwera opitirira 9,000, maola 11 mundege imodzi, onse pamodzi kupitirira 10,500. Pakatipo pali kudikira ndege yachiwiri, mwina maola 3 mwina 8, ndiye ulendo wa maola 10 umasanduka wa maola 17 kapena kupitirira 20.

Chifukwa chake nchakuti ndege yaikulu yopita kutali imafuna anthu mazana awiri kapena atatu pa ulendo uliwonse kuti ibweze ndalama za mafuta. Makampani ngati Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways amatolera anthu kuchokera ku Lilongwe, Lusaka, Harare ndi mizinda ina nkuwasonkhanitsa pamalo amodzi kuti adzaze ndege yaikuluyo, ngati mmene ma minibasi a m'maboma amatulira anthu mu depoti yaikulu. Ena amaona kuti njira imeneyi imatipatsa mwayi wofika malo ambiri ndi tikiti imodzi, ena amadandaula kuti imatitayitsa nthawi ndipo dziko likanayesetsa kukopa ndege zolunjika, mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zake. Paja Malawi Airlines imene inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatsekedwa ndi ya boma la Malawi magawo 51 pa 100, otsalawo 49 ndi a Ethiopian Airlines.

Nkhondo ndi ndale nazo zimatalikitsa njira. Dziko likatseka mlengalenga mwake ndege zimalambalala. Nkhondo itabuka ku Sudan mu April 2023 ndege zambiri zinasiya kudutsa pamwamba pake, ndipo Niger itatseka mlengalenga mu August chaka chomwecho maulendo ena a pakati pa Europe ndi kummwera kwa Africa anatalika. Kuyambira 2022 ndege zambiri za ku Europe sizidutsa pa Russia, Helsinki kupita ku Tokyo umene unali ulendo wa maola 9 ndi theka unafika pa maola 13. Mtunda wa pa intaneti sunasinthe, koma njira yeniyeni yasintha.

Kuchoka pakhomo kukafika pakhomo

Tsono tibwerere kwa azakhali, poti funso lawo lenileni silinali la makilomita. Iwo amakhala ku Kawale, ndiye kukafika ku Lumbadzi ndi magalimoto a mu tawuni apatule ola lathunthu. Pa ulendo wotuluka m'dziko amafuna mufike maola 2 kapena 3 ndege isananyamuke, kuti mupereke zikwama, mudinditse pasipoti ndi kusechedwa, ndipo geti amatseka nthawi ya pa tikiti isanakwane, osaiona ngati nthawi yofikira pa bwalo. Kenako maola 2 ndi theka a ndege. Ku O.R. Tambo bwalo ndi lalikulu, pali kuyenda ndithu kuchoka pa ndege kukafika kwa a imigireshoni, mzere wake umadalira ndege zimene zatera nthawi imodzi ndi yanu, kenako kudikira chikwama pa lamba. Apa ikani mphindi 45 mpaka ola ndi theka. Kuchoka pamenepo sitima ya Gautrain imafika ku Sandton pa mphindi 15, koma wopita madera ena pa galimoto nthawi yoweruka anthu ku ntchito atha kuthanso ola mumsewu. Mukaphatikiza zonse, ulendo wa maola 2 ndi theka uja ndi wa maola 7 kapena 8.

Mwana wawo tinamuuza kuti asadalire nthawi ya pa tikiti yokha, atenge nambala ya ndege, zilembo ziwiri ndi manambala zija zili pa tikitipo, ailembe pa Google kapena pa tsamba lotsata ndege la Flightradar24 ndipo aziona yekha ngati yanyamuka, pamene yafika ndi nthawi imene itere. Ikatera awerenge mphindi 45 asanayambe kuda nkhawa kuti mayi ake sakutuluka. Azakhali tawalembera pa pepala nambala ya foni ya mwanayo ndi adiresi ya kumene akukhala, chifukwa a imigireshoni amatha kufunsa ndipo layini ya kuno mwina siigwira akangotsika. Tikiti yawo ndi ya ndege yosaima ku Chileka, inyamuka masana, ndiye kunyumba achoke 9 koloko m'mawa atadya kale.